Mzere wa Pamwamba pa Fayilo Yanga

Lolemba, 4 Ogasiti

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi sinki yodontha. Mwana wanga wandisiyira kope ndi cholembera kuti ndisamangoyang'ana kudenga.

Vuto ndi mwendo wamanja. Unayamba Lachisanu ndili pa makina, ndikusoka yunifolomu za ana asukulu. Ndinangomva ngati wina wandimenya ndi chitsulo pa katumba, kenaka phazi n'kuzizira. Chiyambire tsikulo sindinapondenso makina. Ndine telala, makina anga ndi opalasa ndi phazi, ndiye mwendo umenewu ndi umene umandidyetsa.

Polandirira odwala sanandifunse zambiri. Ndadinda chala pa kagalasi, dzina langa latulukira pa kompyuta pamodzi ndi zonse zimene zipatala zina zinalembapo za ine. Amati Fayilo Imodzi. Ndanyadira, ndisaname. Chaka chatha, pomwe ankapempha anthu kuti avomere zimenezi, ine ndinali kutsogolo kwa mzere, ndipo makasitomala anga amantha ndinkawaseka. Ndinali nditatopa kuyenda ndi jumbo ya mapepala ong'ambika kuchipatala chilichonse.

BP 168/100. Ajambula mwendo, akuti fupa lili bwino. Panado awiri katatu patsiku, ndi kapiritsi koyera ka BP m'mawa.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Dokotala wa wodi ino ndi mnyamata wamtali, amayenda ngati basi ikumusiya. Ndamupatsa dzina loti Liwiro. Wafika pa bedi langa maso ali pa kakompyuta ka m'manja kamene amayenda nako. Wawerenga, wawerenga, kenaka nkhope yafewa, n'kuyamba kundilankhula ndi mawu aja timanyengerera nawo mwana.

"Mayi, mumagona bwino masiku ano? Kunyumba kuli mtendere?"

"Kunyumba kuli bwino, adokotala. Chikupweteka ndi mwendo."

Wafinya katumba, wati sikanatupe. Kuphazi ndavala sokosi yaubweya ya malemu amuna anga chifukwa cha kuzizirako. Sanaivule. Wati tione kaye BP itsike, wapita.

Kumanzere kwanga kuli mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, wodwala shuga. Wodi yonse timangoti Aphunzitsi, ndipo akalankhula amamveka mpaka kubafa. Kumanja, pazenera, kuli mtsikana wapabanja amene anamuchita opaleshoni ya m'mimba. Salankhulalankhula, ine ndimamutcha Wapazenera.

Chakudya: phala lopanda shuga, masana mpunga ndi kabichi. Mwana wanga wabweretsa malalanje, ndagawira onse awiri.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Sindinagone. Ndikagoneka mwendo pabedi umayaka moto, ndikaulendewetsa pansi umapepukako pang'ono. Asisitala a m'mawa andipeza nditaulendewetsa, andikalipira kuti ndigwa.

Aphunzitsi ali ndi kawayilesi, ndipo lero anthu amaimba foni kukambirana za Fayilo Imodzi. Bambo wina anati mabwana a kuntchito ayamba kudziwa matenda a antchito awo. Mayi wina anati mchimwene wake anakomoka paulendo, kutali ndi kwawo, ndipo anapulumuka chifukwa madokotala anawerenga mankhwala ake pa kompyuta. Wina anangoti chilichonse chimene akuluakulu akuchiyamikira kwambiri, iye amayamba wachithawa.

"Umbuli basi," anatero Aphunzitsi. Iwo pali jakisoni wina amene amawatupitsa pakhosi, ndipo anabwera kuno ali chikomokere, osatha kunena. Namwino atatunga kale mankhwalawo, kompyuta inachenjeza. Nkhaniyi atiuza kale kangapo, koma ndi yoona, ndipo munthuyo ali moyo.

Wapazenera anakana kudinda chala. Dokotala aliyense akabwera, iye amayambiranso kufotokoza za matenda ake, manamwino mpaka amamutsonya. Aphunzitsi atapita kubafa, anandinong'oneza chifukwa chake. Anaikitsa njira yolerera ya pamkono mwamuna wake osadziwa, pakuti ana atatu otsatizana anamutopetsa thupi. Mlamu wake ndi kalaliki pachipatala china.

"Amati kalaliki saona zonse," ndinamuuza.

"Amati," anayankha, n'kutembenukira kuzenera.

Masana kunabwera mayi wovala bwino, wofufuza maganizo a odwala. Funso lake linali limodzi: kodi mukugwirizana ndi kugawana mbiri ya odwala pakati pa zipatala? Ndinayankha kuti kwambiri. Anachonga, anathokoza, anapita.

BP 150/94. Panado sakuchita kanthu, ndanena kawiri.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndinapempha mankhwala amphamvu, m'malo mwake anditumizira mlangizi. Mayi wofatsa, wa mpango wobiriwira, wakhala pamphepete pa bedi n'kundifunsa ngati ndimawasowa amuna anga.

"Ndimawasowa, inde. Koma amuna anga akukhudzana bwanji ndi phazi?"

Wazengereza. Ndamuuza kuti sindine mwana, andiwerengere chimene aliyense akumawerenga asanandiyang'ane kumaso. Wanditembenuzira kakompyuta kake. Pamwamba penipeni, m'kabokosi kachikasu momwe amalembamo zoti dokotala aone msanga, muli mzere uwu. Ndaukopera monga wanditanthauzira:

"Wodwalayu ndi wankhawa kwambiri. Amadandaula za ululu umene palibe. Alimbikitsidwe mtima."

Kenaka ndinakumbukira. Ndi kale, mwana wanga ali kusekondale. Amuna anga atangomwalira, mtima wanga unkachita phiriphiri, kudumpha, kuima, kuyambanso, ndipo pachifuwa pankandithina. Ndinapita ku kachipatala ka pafupi ndi kumene tinkakhala nthawi imeneyo. Dokotala wake anandiona ndikulira, anafunsa mafunso awiri, anandipatsa mapiritsi ogonetsa. Ngakhale nkhope yake sindiikumbukira. Pepala limene analemba ndinalitaya kalekale posamuka, osadziwa kuti tsiku lina adzatola linzake lotsala m'kabati mwawo n'kulilowetsa mu kompyuta.

Ndiye kuti chifikire muno, aliyense amabwera pa bedi langa atamva kale kuti ndine wabodza. Amalonjera bwino, amamwetulira, koma mlandu unatha kale.

Ndakwiya mpaka manja kunjenjemera. Mlangizi waona kunjenjemerako, walemba kenakake.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Mwana wanga wajomba kuntchito kuti akafufutitse mzerewo. Ku ofesi ya mafayilo amuuza kuti chipatala chino sichingafufute zimene chinalemba chipatala china. Wakwera basi mpaka ku kachipatala kaja. Kumeneko amuuza kuti amene angasinthe ndi dokotala amene analemba, ndipo iye anachoka kalekale, palibe akudziwa kumene ali. Wabwerako madzulo fumbi lili m'miyendo, maso ali psuu.

"Amayi, ndingowalalatira madokotalawa?"

"Ukalalata adzati ndi za kumtundu. Khala pansi udye nthochi."

Liwiro anadutsa m'mawa. Ndinadzigwira, ndinalankhula pang'onopang'ono ngati munthu wa nzeru zake, kuti phazi lazizira ndipo zala sindikuzimva bwino. Anati nkhawa imatha kuchititsa dzanzi. Wawonjezera kapiritsi kachikasu kokhazika mtima pansi, kamodzi madzulo. Akuti BP ikapitiriza kutsika anditulutsa sabata yamawa.

Ndaona kuti pano palibe polowera. Ndikalira, mzere uja wanena zoona. Ndikapirira, ndiye kuti sizikupweteka.

Aphunzitsi akuti mwina ndingoyesa kupemphera ndi kupuma mokoka mpweya. Ndawayankha kuti apume okha. Sitinalankhulane mpaka chakudya chamadzulo.

Loweruka, 9 Ogasiti

Mwana wanga wavula sokosi kuti andisambitse. Ndinakuwa. Zala ziwiri zachita phulusa, chala chachikulu chayamba kuda kunsonga. Wathamanga kukaitana asisitala. Iwo ayang'ana, nkhope yasintha, aimbira foni dokotala wa kumapeto kwa sabata, amene anali ku wodi ya ngozi ndi anthu ambirimbiri. Sanabwere. Watsegula fayilo yanga ali komweko, wati andifunditse phazi, andipatse kachikasu kaja, adzaona Lolemba dokotala wa wodi.

Asisitala andiuza zimenezi akuyang'ana pansi. Abweza sokosi okha, mosamala.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Sindinadye. Alendo adzaza wodi, fungo la mazira owiritsa likundichititsa nseru.

Wapazenera wandigwira dzanja nthawi yaitali. Aphunzitsi azimitsa wayilesi popanda wowauza.

Phazi lasiya kuyaka, tsopano likungolemera. Ndikuopa.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndikulemba dilipi ili padzanja, zilembo zikhota.

M'mawa netiweki inagwa chipatala chonse. Manamwino amangozungulira, wina kukweza kakompyuta m'mwamba pafupi ndi zenera ngati kagwirako mphepo. Liwiro analowa ndi manja opanda kanthu. Anawalowetsa m'matumba, anawatulutsa, osadziwa powaika. Odwala ndi ambiri, ndipo ndinaona kuti sakukumbukira kuti ine ndine uti.

"Pepani mayi, makina atichita chipongwe lero. Tandiuzeni kuyambira pachiyambi, chinakubweretsani n'chiyani?"

Ndinamuuza zomwezija ndakhala ndikunena chifikire muno, mawu ake omwewo. Chitsulo pa katumba, kuzizira, moto ndikagona, dzanzi. Ulendo uno amandiyang'ana pakamwa. Anagwada, anavula sokosi. Anagwira pamwamba pa phazi, anagwira kuseri kwa kakolo, anagwira phazi linalo, anabwereranso. Kenaka anaika chopimira pachifuwa panga n'kumvetsera nthawi yaitali.

"Mtima wanu umadumphadumpha chonchi kuyambira liti?"

"Kuyambira chaka chimene amuna anga anamwalira."

Anatuluka akuthamanga zenizeni, osati kuyenda kwake kuja.

Zotsatira zake zachitika mwamsangamsanga. Mawaya pachifuwa oyezera mtima. Sikani ya mitsempha ya mwendo. Dilipi ya mankhwala osungunula magazi, ndi jakisoni wa ululu amene ndakhala ndikupempha. Kwabwera dokotala wa maopaleshoni, bambo wa imvi wosachedwa ndi mawu. Akuti mtima wanga sugunda mwadongosolo, ndiye magazi amaundana m'kati mwake. Kachibuma kamodzi kanachoka n'kukatseka mtsempha wa kuseri kwa bondo. Andilowetsa ku fiyeta masana ano kuti akachotse.

Ndinafunsa ngati phazi lipulumuke. Anati ayesetsa. Ndinafunsanso kuti akanaona Lachiwiri lapitali zikanakhala bwanji. Anayang'ana Liwiro, Liwiro anayang'ana sinki.

Netiweki yabwera nthawi ya chakudya chamasana. Manamwino anaomba m'manja.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Anachotsa chibumacho. Katumba katenthera, phazi ayi. Akudikira.

Kutentha thupi 38.9.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Kuda kwakwera mpaka pa kakolo, ndipo kwayamba fungo. A imvi aja akuti akachedwa ndipita ndine. Adula m'munsi mwa bondo mawa.

Kuvomera kwake ndi kudinda chala pa kagalasi. Chala chomwechija.

Mwana wanga walira mpaka asisitala amutulutsa panja. Ine misozi sikubwera.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Ndabwerera pa bedi langa la pasinki. Bulangete likafika pa bondo limangogwa.

Mankhwala: jakisoni wa ululu m'mawa ndi madzulo, wopha tizilombo kudzera mu dilipi, piritsi la mtima, piritsi losungunula magazi limene akuti ndidzamwa moyo wanga wonse. Kachikasu kaja asiya, palibe wanena chifukwa.

Sokosi ya amuna anga anaibweza m'kajumbo, yochapa bwino, yopinda. Sindikudziwa amene anachapa.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Mphamvu zabwererako, ndadya mpunga theka la mbale.

Wapazenera anatuluka ndili ku fiyeta. Anandisiyira sopo wonunkhira pansi pa pilo. Anapita ndi chinsinsi chake chili chonse, ndi miyendo yake iwiri. Ine amene ndinkamuona ngati wotsalira.

Aphunzitsi akhala akundizemba maso. Lero asendeza mpando, andisendera lalanje.

"Mayi telala, ine ndinalankhula zopusa tsiku lija."

"Munalankhula zimene aliyense amalankhula."

Kenaka, pakuti uphunzitsi suchoka m'magazi, anayamba kundifotokozera kuti tsopano fayilo yomweyo ndi imene idzanditeteze. Ndikadzagwa pamsewu, chipatala chilichonse chidzadziwa kuti ndimamwa osungunula magazi, sadzandicheka mwachisawawa. Ndinafuna kuwagenda ndi lalanje lomwelo, makamaka chifukwa akunena zoona. Chinthu chimodzi chomwecho, iwo chinawatsegula pakhosi, ine chandidula mwendo, ndipo tagona moyandikana kumadya malalanje.

Pa wayilesi anena kuti kafukufuku wapeza kuti odwala ambiri m'zipatala akukondwa ndi Fayilo Imodzi. Ndinaseka mpaka ulusi wa pabala kukoka. Mwa okondwawo ndilimo, ndinayankha kuti kwambiri. Mayi wovala bwino uja sanabwerenso kudzafunsa kachiwiri.

Loweruka, 23 Ogasiti

Wophunzitsa kuyenda wabweretsa ndodo ziwiri. Ndafika pa sinki n'kubwerera, thukuta kamukamu. Akuti bala likapola adzandiyeza mwendo wopanga.

Mwana wanga akuti makolo a ana asukulu aja anabwera kudzatenga nsalu zawo, zina zodula kale, zina zosoka theka. Anapita nazo kwa telala wa kuseri kwa msika, amene kolala yake imakhala ngati yalumidwa ndi galu. Akuti ndisadandaule, makina amagetsi alipo, kapena ndidzaphunzira kupalasa ndi lamanzere. Ndamuuza kuti ndamva. Sindinamuuze kuti phazi lija limadziwa lokha pofulumira ndi pofatsa, pokhota mkono wa malaya ndi pomaliza mpendero, ine mutu uli kwina ndikucheza ndi kasitomala. Zimenezo sadzandiyeza.

Lolemba, 25 Ogasiti

Liwiro wabwera yekha, nthawi yosakhala yoyendera odwala. Wakhala pampando, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita. Kakompyuta anakaika chafufumimba pa bondo.

"Mayi, ndinayenera kuvula sokosi ija tsiku loyamba."

"Munayenera."

Ndinkaganiza kuti akadzanena zimenezi ndidzapepukidwa. Ayi ndithu. Ndangoona mwana wa eni ake wotopa, wamaso ofiira, amene anakhulupirira mnzake wa ntchito amene sanamuonepo kuposa mayi amene anali patsogolo pake. Wati walemba zonse mu fayilo: matenda a mtima, chibuma, opaleshoni, ndi kuti madandaulo anga anali oona.

"Nanga mzere uja?"

Watembenuza kakompyuta, wandionetsa. Zimene walemba zilipo, zambiri ndithu, koma zili m'munsi, munthu ayambe watsitsa ndi chala kuti azipeze. M'kabokosi kachikasu awonjezeramo za osungunula magazi. Pamwamba pake mzere uja uli pomwepo, sunasunthe. Wati walembera a ofesi yoona za mafayilo, komiti yawo idzakhala pansi, koma sakudziwa liti.

"Ndiye ndikadzapita kuchipatala china, adzayamba kuwerenga chiyani?"

Sanandinamize, zimenezo ndimuyamikira. Wati adzayamba ndi pamwamba.

Lachitatu, 27 Ogasiti

Akuti mawa anditulutsa. Bala lauma bwino, BP 132/84. Mwana wanga wasuntha kale bedi langa kunyumba kuti likhale pafupi ndi khomo, makina wawaphimba ndi nsalu.

Pali chimene sindinalembe masiku onsewa. Chiyambire Lamulungu, phazi lamanja likupweteka. Lomwe anadulalo. Chala chachikulu chikuyaka ngati ndaponda khala, ndipo pansi pa phazi pakuyabwa, dzanja limapita lokha kukakanda n'kupeza bulangete. Aphunzitsi anandiona ndikuluma pilo. Akuti amuna a mng'ono wawo zinawachitikiranso atadulidwa mkono, ndi zodziwika, ndipo mankhwala ake alipo. Akuti ndingonena.

Masana kwabwera namwino watsopano, mtsikana waulemu, kudzalemba zomaliza ndisanatuluke. Sakundidziwa. Waima kumiyendo kwa bedi, watsegula fayilo, ndipo ndaona maso ake akuyambira pamwamba. Kenaka nkhope yafewa.

"Amayi, pali pamene pakupweteka lero?"

Chala chinali chikuyaka mpaka m'mutu. Aphunzitsi anandiyang'ana, akugwedeza mutu kuti nenani. Ine ndinayang'ana kakompyuta kaja, ndi chala cha mtsikanayo chikudikira pagalasi kuti chilembe zimene ndinene, zipite kuchipatala chilichonse, zikakhale pansi pa mzere uja mpaka ndidzafe. Mayi wodandaula za phazi limene palibe.

"Palibe, mwanangu," ndinatero. "Ndili bwino."

Walemba, wandithokoza, wapita pa bedi lotsatira.